Chingwe cha a Wimalasena

Mukawaona a Wimalasena akuyenda pamsewu wa m'mudzi mwathu, kumtunda kwa tauni ya Wadduwa, mungaganize kuti nthaka anachita kubwereka ndipo akuopa kuiwononga. Amaponda mosamala, zala za kumapazi zitatambasuka ngati za bakha, mwendo wakumanzere ukukokera pang'ono. Si ukalamba wokha ayi. Bambowa zaka pafupifupi makumi asanu anazithera m'mwamba, ndipo pansi pano ankangobwera kudzadya ndi kudzagona.

Anali wogema uchema, mowa wochokera ku duwa la mtengo wa kokonati. Kwathu kuno wogema sakwera ndi kutsika mtengo uliwonse, angathe mawondo. Mitengo ya kokonati timailumikiza kunsonga ndi zingwe zopota ndi makoko a kokonati yemweyo, china choponda, china chogwira. Munthu akakwera mtengo woyamba m'mawa amangoyenda m'mwambamo, mtengo ndi mtengo, mpaka atamaliza yonse. Pamtengo uliwonse amakhuthula mphika, kusenga nsonga ya duwa ndi mpeni, n'kuligogoda ndi kachibonga kuti lichuche bwino. Gogogo, gogogo! Ife tinakula tikudzutsidwa ndi kugogoda kumeneko, tambala ankangobwera pambuyo kudzachitira umboni.

A Wimalasena anayamba ntchitoyi ali ndi zaka khumi ndi zisanu, m'munda waukulu wa banja lina la ku Colombo. Mundawo unayambira kuseri kwa nyumba ya a Wimalasena n'kukafika tsidya la msewu, kumalire ndi kachisi, moti chingwe chimodzi chinkadutsa pamwamba pa msewu weniweniwo.

Kumwambako sanali okha. Kunalinso awandura, anyani akuda aja a ndevu zotuwa ndi mchira wautali. Asawasokoneze munthu ndi apusi opanda khalidwe aja olowa m'khitchini n'kuthawa ndi buledi. Wandura ndi wamanyazi. Chakudya chake ndi masamba, makamaka anthete, a mango, a labala, ndi a jaki, mtengo wa zipatso zikuluzikulu ngati maungu. Akakhuta amakhala panthambi mimba ili patsogolo, kudikira kuti zigayike, nkhope ili ndwii ngati munthu amene wangolandira uthenga wa maliro. Pansi satsika pokhapokha zitavuta, chifukwa pansi pali agalu.

Palibe amene akudziwa tsiku limene awandura anayamba kuyenda pazingwe za a Wimalasena. Chimene tonse tinkachiona n'chakuti kachibonga kakayamba kulira, gulu lonse linkatuluka m'mitengo ya labala n'kumadikira chapatali. Bambowo akadutsa chingwe, awandura ankadutsanso, mmodzimmodzi, mpaka kukafika ku mitengo ya mango ya kukachisi. Zingwe zimasinthidwa chaka ndi chaka nyengo yogema ikamayamba, koma chingwe chatsopano awandura sankachiponda mpaka ataona phazi la a Wimalasena litadutsapo. Anzawo ankawaseka kuti ndi kapitawo wa anyani. Iwo ankangoyankha kuti anyani akewo ndi abwino, sapempha fodya.

Akazi awo, a Nandawathi, ndi mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa, wa mtima wa nkhunda koma wosafuna kuti zimenezo zidziwike. Nyengo yogema ikamayamba ankatenga kandalama kachitsulo, kukatsuka ndi madzi a mandimu, kukakulunga m'kansalu koyera, n'kukakamanga pamtengo woyamba umene amuna awo ankakwera. Limenelo linali lonjezo kwa milungu: mukamtsitsa wamoyo chaka chino, ndidzakayatsa nyale kukachisi. Akazi onse a ogema amatero, ndipo onse amadziwa kuti mwamuna ali pachingwe saitanidwa, ngakhale nyumba ikupsa. Koma a Nandawathi anawonjezerapo lamulo lawolawo: sankayang'ana kumwamba. Zaka makumi anayi ndi zitatu m'banja, m'mawa uliwonse ankasesa pabwalo maso ali pansi, makutu okha ali kumwamba. Kachibonga kakamalira, mtima wawo unkakhala m'malo. Kakangokhala chete nthawi yotalikirapo, tsache nalo linkaima.

Akuluakulu anati tsiku lakufa nyani mitengo imaterera. M'mawa wina, a Wimalasena ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, chingwe chimene makoswe anachitafuna chinaduka. Mwamwayi anagwera pamulu wa makoko. Anathyoka chiuno, nagona m'chipatala miyezi itatu. Tsiku limene anabwera kunyumba, a Nandawathi sanalire. Anadikira alendo apite, kenaka anatenga dzanja la amuna awo n'kuliika pamutu pawo.

"Bambo a Dilini, lumbirani pamutu panga pano kuti simudzakweranso."

"Mayi a Dilini, taimani kaye ndichire."

"Mwachira kale, pakamwapo ndikupamva. Lumbirani."

Analumbira. Kwathu kuno munthu ukalumbira dzanja lili pamutu pa mnzako, ndiye kuti waika moyo wake pachikole, ndipo wokumasula ndi mwini mutu yekhayo. A Nandawathi anatenga mpeni wogemera ndi kachibonga n'kuzikwirira pansi pa bokosi la mpunga. A Wimalasena ankadziwa pamene zinali, akazi awonso ankadziwa kuti iwo akudziwa, koma nkhaniyo sinatulukenso pakamwa pa aliyense.

Patapita zaka zitatu munda unagulitsidwa. Kunabwera anthu ndi zoyezera, anazika timbendera tofiira, kenaka kunabwera macheka a injini. Mitengo imene a Wimalasena ankaidziwa umodziumodzi, uwu wouma mtima, uwu wopatsa, inagwa yonse m'milungu iwiri. Ya labala nayo inapita. Pamalopo panamera nyumba za mipanda italiitali, iliyonse ndi galu wake. A Wimalasena anasiya kumaliza mpunga wawo.

Awandura anatsala m'kachigawo ka mitengo kuseri kwa nyumba ya a Wimalasena ndi ya oyandikana nawo: mitengo iwiri ya jaki, umodzi wa mango, ndi ya kokonati isanu. Analipo khumi ndi mmodzi. Masamba a mitengo yochepa chonchi sangadyetse gulu lotero. Chakudya chinali tsidya la msewu, kukachisi, koma njira yopitira kumeneko inatsala iwiri yokha: pansi, pamene pali agalu ndi mabasi, kapena pamawaya a magetsi. Wandura sadziwa kusiyanitsa waya ndi chingwe. Unkangomva phuu! wailesi n'kuzima m'nyumba zonse, ndiye aliyense ankadziwa kuti wina wapita. Chaka chisanathe anatsala asanu ndi awiri, ndipo aliyense wakufayo a Wimalasena ankamunyamula m'thumba n'kukamuika m'nthaka patsinde pa jaki.

Mwa otsalawo munali wandura wamkazi wokalamba amene a Wimalasena ankamutcha Menike. Anamudziwa ali kakhanda kokakamira pamimba pa amake, ndipo anakula akuwatsatira pazingwe. Menike nayenso anakomana nawo mawaya, anapulumuka koma mchira unaduka pakati. Chaka chimenecho anali ndi mwana, mwana yekhayo m'gulu lonse.

Njala inawatulutsa awandura manyazi. Anayamba kudumpha pamadenga kufunafuna masamba, ndipo wandura wamkulu akatera padenga, matailosi amamva. A Ariyapala, mwini golosale ya pamphambano, anafika m'mawa wina atanyamula tailosi losweka ngati akupita nalo kukhothi.

"Achimwene, taonani ntchito ya abale anu! Lachisanu ndi chitatu ili. Mvula ikagwa ine ndizigona ndi ambulera?"

"Pepani adzimwene. Khalani pansi, mumwe tiyi."

"Tiyi aphimba denga? Ine ndagula makombola, ndiziwaphulitsira m'mawa ndi madzulo mpaka asamuke."

"Asamukire kuti?" anafunsa a Wimalasena mofatsa. "Tandiuzani komwe apite, ndikawauze."

A Ariyapala anayang'ana uku ndi uku, mipanda yokhayokha, n'kukanda m'mutu. Si munthu woipa, ndi waphokoso chabe. Tiyi uja anamwa, ndipo madzulo ake anatumiza buledi wogona ndi nthochi zakupsa kwambiri kuti apatse anyaniwo, mwina akakhuta asiya denga lake. A Nandawathi nawo anali atayamba kale kuika mpunga wotsala pakhoma, mobisa.

"Chotsani zimenezo," anatero a Wimalasena. "Mukuwapha ndi chifundo. Mimba ya wandura ndi ya masamba. Akadya buledi ndi mpunga amatupa ngati ng'ombe yadya chinangwa."

"Nanga tingowayang'ana?" anatero a Nandawathi. "Mwana uja mwamuona? Mutu wokhawokha."

Anali atamuona. Menike mkaka unali kuuma. Kuyambira tsikulo a Wimalasena ankapita kukachisi m'mawa uliwonse ndi ndodo yangowe, kuthyola nthambi zanthete za mango, kuzimanga panjinga n'kuikankha mpaka kunyumba, chiuno chikulira. Koma mtolo wa panjinga ndi chiyani kwa pakamwa pasanu ndi pawiri? Masamba ankafika atafota, ndipo amphamvu ndiwo ankayamba kudya.

Nzeru yowamangira chingwe chodutsa pamwamba pa msewu inali yosachita kufuna. Kuseri kwa nyumba kunatsala mtengo wa kokonati wautali kuposa mawaya, ndipo tsidya linalo, m'bwalo la kachisi, munali unzake. Amonke aakulu, oyang'anira kachisiyo, anavomera, nati mitengo ya kukachisi ilibe mwini. A Ariyapala anagula zingwe, akudandaula njira yonse kuti kuli bwino kugula chingwe kamodzi kusiyana ndi matailosi mwezi uliwonse. Wokamanga anali Somasiri, wogema wa kugombe, bambo wa imvi zake amene anaphunzira ntchito m'manja mwa a Wimalasena kalekale. Anamanga bwino, choponda ndi chogwira, a Wimalasena akulamula ali pansi, khosi lili gada.

"Kokanso! Chimenecho ndi chingwe kapena poyanika zovala?"

"Malume, ndagema zaka makumi atatu ine!"

"Ndiye zaka makumi atatu ukumanga molakwika. Koka!"

Chingwe chinatha, mudzi wonse unabwera kudzaonerera, koma awandura sanachiponde. Tsiku loyamba, lachiwiri, mlungu wathunthu. Ankakhala pamtengo womwewo, chingwe chili pamphuno, n'kumachiyang'ana ngati njoka. A Ariyapala anati timangirirepo nthochi. Akhwangwala anathokoza. Somasiri anabweranso n'kudutsa yekha kawiri, uku ndi uku, akuimba mluzu, koma awandura atangoona munthu wachilendo m'mwamba anabalalika n'kukabisala tsiku lonse.

"Anyani anuwa ndi mbuli, malume," anatero Somasiri akupukuta thukuta. "Chingwe ndi chingwe. Akufuna chani, kalata yowaitana?"

A Wimalasena ankadziwa chimene awandura ankadikira, ndipo a Nandawathi, amene ankapeta mpunga pakhonde, ankadziwanso. Nkhope zawo sizinakomane.

Milungu itatu inatha choncho. M'nyumbamo munali bata loipa, la anthu awiri okondana amene akuzemba nkhani imodzi. A Wimalasena sakanapempha. Analumbira pamutu pa mkazi amene anawasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi m'chipatala miyezi yonse ija, ndipo kunena kuti ndimasule kunali ngati kunena kuti nyani ndi wofunika kuposa iwe. Ankangokhala pampando kuseri kwa nyumba, zala za kumapazi zikupinda ndi kutambasuka zokha m'fumbi. Mtima unkawapweteka, ndipo ankachita manyazi kuti ukuwapweteka.

Lachitatu lina dzuwa litangokwera, a Nandawathi ankayanika zovala pamene anamva agalu. Menike anali atatsika. Anali pakati pa msewu, mwana ali pamimba, akuthamangira kukachisi ndi kathamangidwe kake kopanda luso ka nyama ya m'mwamba, agalu awiri a kunyumba zatsopano ali pambuyo. Basi inatulukira pakona. Menike anatembenuka, galu mmodzi anamugwira mwendo. A Nandawathi sakumbuka mmene anafikira pamsewupo. Anthu amati anangoona mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi akukwapula agalu ndi nsalu yonyowa, akutukwana mawu amene sitinkadziwa kuti amawadziwa. Menike anapulumuka, nakwera khoma n'kubwerera mumtengo wake wopanda masamba uja, akutsimphina, mwana akadali pamimba.

A Nandawathi analowa m'nyumba. Patapita kanthawi anatulukira kuseri, manja ali mbuu ndi fumbi la mpunga mpaka m'zigongono, n'kuika mpeni ndi kachibonga pamiyendo pa amuna awo.

"Mayi a Dilini, ine sindinapemphe."

"Ndikudziwa. Mukanapempha ndikanakana." Anatenga dzanja lawo, kuliika pamutu pawo, kenaka n'kulichotsapo okha. "Mutu ndi wanga, ndaumasula. Koma mumve bwino: kamodzi. Ndipo Somasiri akumangani chingwe m'chiuno."

"Ine? Chingwe m'chiuno ngati mbuzi? Anthu adzati chani?"

"Adzati mbuzi ya a Nandawathi ili ndi mwini wake. Mukafuna, bwezani mpeniwo."

Sanabweze.

M'mawa mwake a Ariyapala anaima pamsewu kuletsa anthu kuchita phokoso, ngakhale waphokoso anali iwo omwe. Somasiri anakwera koyamba, n'kumanga chingwe chotetezera, n'kutsika kuti awandura asamuone. A Wimalasena anapinda nsalu yawo n'kuimanga zolimba m'chiuno. Atafika patsinde pa mtengo anapeza tinsalu tiwiri toyera titamangidwa kale.

"Tiwiri?"

"Kena n'ka Menike," anatero a Nandawathi. "Musadzimve. Kwerani."

Kukwerako kunatenga nthawi. Kale ankafika kunsonga munthu asanamalize kapu ya tiyi, koma tsikulo anapuma katatu, chipumi chili pamtengo. Atafika pamwamba anakhala pakati pa masamba, mphepo ya kunyanja inawawomba kumaso, ndipo anaona zonse zimene anazisiya: denga la kachisi, njanji, nyanja ili mbee kutali. Misozi inabwera yokha, iwo anaileka. Kenaka anasolola kachibonga. Duwa logema panalibe, choncho anagogoda pakhwapa pa tsamba. Gogogo, gogogo!

Mumtengo wa jaki nthambi zinagwedezeka. Nkhope zakuda za ndevu zotuwa zinasuzumira, imodzi, ziwiri, zonse.

A Wimalasena anaika phazi pachingwe. Zala zija zimene pansi zimaoneka zopusa zinachigwira ngati dzanja. Anasuntha chammbali, phazi kutsata linzake, manja ali pachingwe chapamwamba. Pakati pa msewu chingwe chinalendewera, mwendo wovulala uja unakana, ndipo anaima. Pansi panalibe wotsokomola. Anapuma, nakoka mwendowo, napitirira, mpaka dzanja lawo linakhudza mtengo wa kukachisi. Anakhala pansonga n'kugogodanso.

Panapita nthawi yaitali, moti a Ariyapala anayamba kupukusa mutu. Kenaka Menike anatulukira pamtengo woyamba uja. Ananunkhiza chingwe, anayang'ana tsidya kumene kunali mkulu uja, n'kuikapo dzanja. Anayenda pang'onopang'ono, mwendo wolumidwa uli m'mwamba, kachidutswa ka mchira kakugwedezeka kufuna kumuthandiza, mwana atamatirira pamimba. Atafika anadutsa pafupi ndi bondo la a Wimalasena osawayang'ana n'komwe, monga ankachitira kale, n'kudumphira mumtengo wa mango. Enawo anatsatira, mmodzimmodzi, ndipo wamphongo wamkulu, mwini phokoso la pamadenga, ndiye anali womaliza ndi wamantha kuposa onse.

A Wimalasena anatsikira m'bwalo la kachisi. Somasiri anawagwira mkono, a Ariyapala akufuula kuti nzeru yonseyi inali yawo. A Nandawathi anali ataima patsinde pomwepo, akusisita kumbuyo kwa khosi ngati munthu amene wakhala khosi lili gada nthawi yaitali.

"Mwayang'ana kumwamba?" anafunsa a Wimalasena modabwa.

"Ndayang'ana. Ndimati ndione kamodzi chimene chinandilanda mwamuna zaka zonsezi." Anawapukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu yawo, anthu akuona. "Ine ndinkayesa mumayenda monyadira kumwambako. Kani mumanjenjemera chonchija? Kapena ndi ukalambawu?"

"Si ukalamba, mayi a Dilini. Masiku onse ndinkanjenjemera."

"Masiku onse? Osandiuza?"

"Ndikanakuuzani mukanasesa bwanji pabwalo?"

A Nandawathi anangolanda mpeni ndi kachibonga m'manja mwawo, n'kuwagwira mkono kuwaolotsa msewu, pang'onopang'ono, monga mmene amayendera munthu wosazolowera pansi. M'mwamba, m'mitengo ya mango, munkamveka masamba akuthothoka.

Atafika kunyumba a Wimalasena anakhala pakhonde, kudikira kumva chivundikiro cha bokosi la mpunga chikutseguka. Sichinatseguke. Mkazi wa wogema amadziwa bwino kuti chingwe cha makoko chimakhala chaka chimodzi, kenaka chimafuna china chatsopano. A Nandawathi anaima pakhomo kanthawi ndithu zida zija zili m'manja, kenaka anazipachika pamsomali wake wakale, kuseri kwa chitseko.